Nkhoswe ya Nyani

Ndinayenda ndi nyani kwa zaka zingapo, ndipo sindikufuna kuti wina andimvere chisoni kapena andiyamikire. Zinangochitika. Zaka zake musandifunse. Mvula inkabwera n'kupita, nthawi zina kawiri tisanafike pamudzi wotsatira, ndipo misewu ya masiku amenewo inkatalika kapena kufupika malinga ndi njala ya munthu.

Ndinayamba kuyenda banja langa litatha. Ndinalibe mwana, ndinalibe munda. Ndinali ndi phukusi la zovala ndi juzi yaubweya imene mwamuna wanga anaiwala pamsomali. Mudzi woyamba kundilandira unali m'tsinde mwa phiri la miyala, ndipo anandipatsa ntchito yolondera chimanga. Ankakuika pachilindo, kanyumba ka pamitengo pakati pa munda, n'kukupatsa chitini ndi ndodo kuti anyani akatsika uziwaingitsa.

Ntchito imeneyo ndi yopenya basi, ndipo ukapenya nthawi yaitali umayamba kuwadziwa. Anyani satsika mwachisawawa. Achinyamata osamva amatsogola, aakazi a makanda amayenda pakati, amphongo akuluakulu m'mbali, ndipo wina amakhala pamtengo kuyang'ana kumene kungachokere zoopsa. Khanda lawo limabadwa lakuda bii, makutu ofiira, ndipo limakakamira pamimba pa make. Likakula limakwera kumsana ngati wokwera bulu. Ndinaonanso kuti munthu wamkazi samuopa. Ndikamenya chitini ankandiyang'ana ngati ndikuwaimbira nyimbo.

Chimanga chitayamba kutha, amuna a pamudzipo anakwera phiri ndi agalu. Anatsika masana atanyamula nyani wamkazi pamtengo. Pamimba pake panali kanthu kakuda, kogwira ubweya ndi manja ndi mapazi omwe. Ankakambirana zokaponyera agalu. Ndinati, "Patseni kuno." Anaseka, koma anandipatsa. Kukachotsa paubweya wa make kunafuna anthu awiri.

Ndinakamangira kumsana monga timachitira ife, kanakuwa. Ndinakagoneka pamphasa, kanakuwanso. Kutayamba kuzizira ndinavala juzi ija, ndipo kanalumpha, kanagwira ubweya wa juziyo pamimba panga, kanatseka maso. Nkhani inathera pomwepo. Mwana wa nyani safuna womugwira, amafuna chogwira. Dzina lake linachokera pamenepo, Juzi. Ndinamuyamwitsa mkaka wa mbuzi pakansanza.

Eni munda anati sangasunge mlonda amene akulera mwana wa mbala. Sindinatsutse, chifukwa ankanena zoona. Ndikumanga phukusi, mmodzi mwa amuna amene anapha make aja anabwera pakhomo, manyazi ali m'maso. Anati, "Mayi, ameneyo ndi wamphongo. Lero ndi chidole, koma mano akadzatuluka anthu adzamupha. Mubwezereni kwa anzake asanafike pamenepo." Ndinayankha kuti ndamva. Mawu amenewo ndinayenda nawo msewu wonse.

Tinafika m'tauni ya pamsewu, pamene mabasi ankaima kuti anthu awongole miyendo. Mayi wina wonenepa, Nazunga, ankakazinga zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango. Anasuzumira m'chitenje changa n'kufunsa kuti mwanayo wafanana ndi ndani. Ndinati ndi bambo wake. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anandipatsa pokhala.

Nazunga anandiphunzitsa kusinja nthochi zakupsa ndi ufa, ndi kudziwa kutentha kwa mafuta pongomva kulira kwake. Iye ankakonda kutenga dzanja la Juzi n'kuliika pachikhatho chake. Ankawerenga zala, ankayang'ana zikhadabo zafulati ngati zathu, chala chamanthu chotha kutola njere ya mpunga, ngakhale mizere ya m'manja. Mphunzitsi wina amene ankagula zitumbuwa m'mawa uliwonse anatiuza kuti m'mabuku anyani, apusi, anchima, achanga a m'mitengo aja, ndi ife anthu, tonse timalembedwa m'banja limodzi. Anati chizindikiro chake ndi manja ogwira, maso oyang'ana kutsogolo, ndi ana obadwa mmodzimmodzi amene amachedwa kukula. Zimenezo ndinali nditazimvapo kusukulu ndisanasiye. Ndinamuuza kuti ngati Juzi ndi m'bale wake azimuguliranso chake. Anayamba kumugulira.

Ngakhale zinali choncho, zitumbuwa zinkasowabe m'lichero. Nazunga ankakayikira ana a sukulu, mpaka tsiku lina anaona nkhope ya Juzi itatupa ngati wodwala dzino. Anyani ali ndi matumba m'masaya. Amalongedza chakudya mwachangu pamalo oopsa, n'kukadyera pabwino. Nazunga anamufinya tsaya, chitumbuwa chathunthu chinatuluka. Anamutukwana, kenaka anamupatsa china.

Kumeneko n'kumene tinayamba mwambo wathu wa m'mawa. Dzuwa likamatuluka Juzi ankabwera, n'kukhala patsogolo panga atandipatsa msana. Ine ndinkapatula ubweya wake ndi zala, kutola tizinyalala ndi nkhupakupa, kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Ndikatha, iye ankakwera paphewa n'kuchita chimodzimodzi m'tsitsi langa, akumenyanitsa milomo mofulumira ngati wolawa mchere m'ndiwo. Anthu amati anyani amatolana nsabwe chifukwa cha umve. Si zoona. Nsabwe nthawi zambiri sipakhala. Kumeneko ndiko kucheza kwawo, kupepesana kwawo, ndi njira yonenera kuti uyu ndi wanga.

Anthu a pamsewu sankadziwa kuti nyani sayang'anidwa m'maso. Ankamuzungulira, kumutong'olera maso, kumuonetsa mano. Tsiku lina munthu woledzera anamugwada patsogolo, nkhope kufupi. Juzi anayasamula kwambiri. Anthu anaseka, ati ali ndi tulo. Ine ndinasiya chiwaya n'kuthamanga, chifukwa kuchilindo ndinaphunzira kuti nyani akayasamula pamaso pa mnzake akumuonetsa mipeni ya m'kamwa. Ndinachedwa, Juzi anali atamuluma kale. Chala cha munthuyo sichinaduke, koma mwini mowa anabwera ndi unyolo, ati amusunge pakhomo pa bala kuti azisangalatsa makasitomala, apo ayi aitane apolisi. Nazunga anatikulungira zitumbuwa m'pepala n'kutionetsa njira yodutsa kuseri kwa chigayo.

Tinayenda nyengo yaitali. Midzi ina inkaoneka ngati mudzi umodzi womwewo, wongotembenuzidwa. Juzi anachoka pamimba, anakwera kumsana, kenaka anayamba kuyenda yekha pambali panga, mchira utapindika ngati chogwirira ambulera. Ubweya wakuda unasanduka wotuwa ngati udzu wa m'chilimwe.

Tinakhalitsa pamudzi wa m'mbali mwa mtsinje, kumene akazi ankaumba mbiya. Nasimango, mayi wowonda wosakonda kulankhula, anandiphunzitsa kuponda dothi, kukulungiza mbiya ndi mwala wosalala, ndi kuleza mtima poiumitsa pamthunzi. M'mikuyu ya pamtsinjepo munkakhala apusi, aang'ono kuposa anyani, nkhope zakuda, michira italiitali. Tikuumba, Nasimango ankandimasulira kulira kwawo. Kulira kwina kunali kwa chiwombankhanga, ndipo onse ankagwera m'tchire. Kwina kunali kwa kambuku, onse n'kuthawira kunsonga za nthambi zowonda. Kwina kunali kwa njoka, ndipo ankaimirira ndi miyendo iwiri kuyang'ana mu udzu. Juzi akamva kulira kulikonse ankathamangira m'chitenje changa. Ndinaona kuti ndalera mwana wosadziwa chinenero cha m'tchire.

Pusi wina wamkazi mwana wake anafa, koma sanamutaye. Ankayenda naye m'dzanja, kumuika pansi akamadya, kumupatula ubweya, kumutolanso. Mtembowo unauma ngati chikopa, iye akadali nawo. Ndinati wina akamulande, zikununkha. Nasimango sanadzutse mutu pambiya yake. Anati, "Musiyeni. Adzatula yekha." Pambuyo pake ndinamva kwa ena kuti nayenso anaika wake wakhanda. Sindinanenenso za fungo.

Pamudzi umenewo mano a Juzi anatuluka, aatali ngati chala changa. Anapha nkhuku. Analanda mwana mango, mwanayo n'kugwa, n'kudzipweteka pachipumi. Amuna anabwera osakwiya, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mkwiyo. Anati akadzabwerezanso adzabwera ndi mkondo.

Nasimango anati mwana wamwamuna sakalambira pakhomo pa make, ndikamufunire pokalowa. Ndipo zinagwirizana ndi zimene ndinaona kuchilindo. Kwa anyani, aakazi amakhala m'gulu limene anabadwira, pamodzi ndi amayi awo, azichemwali awo ndi ana awo. Amphongo akakula amachoka n'kukalowa m'gulu la eni ake. Ndi chikamwini chenicheni, ngati kwathu. Tsono kwathu mwamuna salowa pamudzi wa eni ngati mbuzi yosochera. Amapita ndi nkhoswe, womulankhulira, woti zinthu zikavuta anthu adziwe pofikira. Juzi analibe malume. Ndinati palibe vuto, nkhoswe ndikhala ine.

Paphiri loyamba ndinasamba, ndinavala chitenje chabwino, ndinasenza dengu la chimanga. Anyaniwo tinawapeza akudya mizu pachigwa. Ndinatula dengu, ndinagwada, ndinaomba m'manja. Ndinati, "Odi kuno, eni mudzi. Tabwera ndi mnyamata." Wa pamtengo anauwa kamodzi, ndipo chigwa chonse chinatsala ndi ife awiri.

Paphiri lina ndinakhuthula chimanga pathanthwe n'kubwerera pang'ono, Juzi ali kuseri kwa miyendo yanga. Anabwera. Wamphongo wamkulu anakhala pakati pa chimangacho, ena n'kumamenyana m'mbali, ana akukuwa. Atamaliza anapita osatiyang'ana. Ndinaganiza kuti mwina chimanga chinachepa, ndipo paphiri lotsatira ndinasenza chambiri.

Mapiri aja sindingawasiyanitsenso. Lililonse linali ndi matanthwe ogonapo anyani, mtengo wa mlonda, ndi ine nditagwada ndi dengu. Pa lina, Juzi anadzimva mphamvu chifukwa ndinali kumbuyo kwake. Anayenda molunjika kwa wamphongo wamkulu, n'kumuyang'ana m'maso, n'kukweza zikope. Ndinangoona fumbi. Ndinamunyamula ntchafu itang'ambika, ndinamutsuka ndi madzi amchere, ndipo tinatsikira kumudzi umene unali tsidya lina la kamtsinje.

Pakhomo loyamba panakhala nkhalamba ikusema mng'oma wa njuchi. Dzina lake a Gwirize. Akazi awo, Nangondo, ankasenda chinangwa. Anatipatsa khumbi lakuseri mpaka bala lipole, ndipo ine ndinaphunzira kufukiza njuchi ndi kufinya uchi. Amuna a pamudzipo anaika lamulo lawo poyera: kamtsinje ndiwo malire. Nyani wopezeka tsidya la nyumba amafa. Wanga anamulekerera chifukwa a Gwirize anawapempha, koma mpaka chimanga chikhwime basi.

Nditawafotokozera za maulendo anga a dengu, Nangondo anaseka mpaka mpeni unagwa. A Gwirize sanaseke. Anandifunsa ngati ndinamufunsapo mkamwini aliyense mmene analowera pamudzi.

Ndinati, "Ndi ankhoswe, nanga n'chiyani?"

"Ankhoswe anga analankhula tsiku limodzi, anadya nkhuku, anapita," anatero. "Zotsalazo ndinachita ndekha. Ndinkakhala kumapeto kwa bwalo, maso pansi. Ndinkalima munda wa apongozi osatumidwa. Malume anga akanakhala kumbuyo kwanga tsiku lililonse, bwenzi pano ndikadali mlendo."

"Bodza," anatero Nangondo. "Munkangodya inu. Amayi ankabisa ndiwo mukamabwera."

"Ankabisa, koma ankandisungira chiwindi."

"Chifukwa munkawamvetsa chisoni ndi miyendo yanu yoonda ija."

A Gwirize anatembenukira kwa ine. "Mayi, anyaniwo akamuona ali ndi inu, saona mnyamata. Amaona galu wa munthu. Ndipo iye akakuonani kumbuyo kwake, saphunzira ulemu. Dengu siyani. Inunso mudzisiye."

Ndinakwiya tsiku lonse, chifukwa sindikonda kuuzidwa zoona ndi munthu wosema mitengo. Bala litapola ndinawoloka naye kamtsinje manja ali lende. Ndinamusiya akudya nkhuyu, n'kubwerera osacheuka.

Anabwerera kangapo. Ankafika pakhumbi, n'kumagogoda chitseko ndi chikhatho ngati munthu. Nangondo ankandikhazika m'nyumba mwake n'kumandifunsa nkhani zopanda mutu, za mitengo ya mchere ndi za mwamuna wanga wakale, uku a Gwirize akumuthamangitsira kutsidya ndi chikuni chofuka. Chakudya sindinamupatsenso. Kenaka anasiya kubwera.

Ming'oma ya a Gwirize inali pamalo okwera, poonekera chigwa cha anyani. Tinkakhala pamenepo atatu, patali, osaonekera. Gululo linkadya pakati pa chigwa, Juzi ali yekha kumapeto, woonda, akuyang'ana zala zake. Wamphongo wamkulu akadutsa, iye ankapatuka n'kukwenyula milomo kuonetsa mano onse, kumene kwa iwo si kuseka koma kunena kuti ndine wamng'ono, musandipweteke. A Gwirize anagwedeza mutu, ati mnyamatayo wayamba kumva.

Anandionetsanso za aakazi. Anati amphongo amapanga phokoso, amabwera, amapita, koma mudzi ndi wa aakazi. Pakati pawo pali mabanja apamwamba ndi apansi, ndipo mwana wamkazi amatenga malo a make. Wa banja lapamwamba akafika pamtengo wa zipatso, wapansi amasuntha ngakhale akhale wamkulu. Mlendo wanzeru sayambira pamwamba. Amayamba ndi amene alibe omusamala.

Panali nkhalamba ina yaikazi, yoduka mchira, yodya pomalizira nthawi zonse. Juzi anayamba kukhala moyandikana nayo, akumenyanitsa milomo, akung'ung'udza pansipansi. Iyo inkanyamuka n'kukakhala kwina. Tsiku lotsatira ankayesanso. Chimanga cha m'minda chinamasula, chinabereka, iye akungoyesa. Tsiku lina nkhalambayo sinasunthe, ndipo Juzi anatambasula dzanja n'kuyamba kupatula ubweya wa paphewa pake. Nangondo anandifinya mkono mpaka kupweteka. Koma nkhalambayo sinamubwezere. Iye atatha n'kuipatsa msana, inanyamuka. A Gwirize anati bola, koma sanalowebe. Walowa ndi amene wapesedwa.

Chimanga chinakhwima. Amuna anayamba kupita kuminda ndi agalu, nthungo zili m'manja.

M'mawa wina ndinatsikira kukamtsinje kukachapa. Nditawerama, ndinamva kung'ung'udza kumene ndinkakudziwa. Juzi anali atawoloka. Anayenda pamiyala, anafika patsogolo panga, anakhala pansi n'kundipatsa msana. Ubweya wake unali wodzaza ndi chisoso, ndipo kuseri kwa khutu kunali nkhupakupa yonenepa, imene ndikanaichotsa ndi zala ziwiri. Kumtunda, panjira ya kuminda, ndinkamva mawu a amuna ndi belu la galu.

Ndinapukuta manja pachitenje n'kuwapisa m'khwapa.

Anadikira. Anacheuka, anamenyanitsa milomo. Ine ndinayang'ana madzi. Anasendera chambuyo mpaka msana wake unakhudza mawondo anga, wofunda ngati kale. Kenaka anagwira chigongono changa n'kukoka pang'ono, monga ankachitira ali wamng'ono ndikachedwa kudzuka. Ndinalimbitsa mkono. Sindinamukalipire, sindinatchule dzina lake. Ndikanatsegula pakamwa sindikudziwa chimene chikanatuluka.

Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Madzi ankangodutsa. Pamapeto anandisiya, anadzikanda pamimba ngati sizinamukhudze, n'kuwoloka. Galu anafika pamtsinje iye ali kale kutsidya, ndipo amunawo anangondipatsa moni n'kupitirira.

Gululo linali pathanthwe likuothera dzuwa. Juzi anapita kwa nkhalamba yoduka mchira ija, anakhala patsogolo pake, anaipatsa msana womwe uja. Nkhalambayo inayang'ana kumbali, inatola kanthu pansi, inadya. Kenaka inatambasula manja, inapatula ubweya wa kuseri kwa khutu lake, inatola, inaika m'kamwa. Juzi anagwetsa mutu, maso atatseka.

Ndinamaliza kuchapa, chifukwa zovala sizidzichapa zokha. Nditafika kunyumba ndinazimanga zikadali zonyowa. Nangondo anaima pakhomo la khumbi, manja m'chiuno.

"Mukupita kuti? Malo alipo, njuchi zakuzolowerani. Abambowa mawu okha, ntchito mumagwira ndinu."

Ndinamuuza zimene zinachitika kumtsinje. Anati ndiye zatheka, ndikhale pansi ndipume.

"Mawa abweranso pamwala uja," ndinatero. "Manja angawa ndimawadziwa. Sangapirire kawiri."

Nangondo analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo la uchi, analikankhira m'phukusi langa mwaukali ngati ndamulakwira. A Gwirize anandiperekeza mpaka pamphambano n'kundilozera njira yopita kuchigwa chakutali, kumene kulibe mapiri. Ndinatenga imeneyo.